Kachitsulo kobiriwira kotuluka m'munda wakale: ndalama kapena batani?

Mlimi_wa_kudambo: Akuluakulu, makina ofufuzira zitsulo atulutsa kachitsulo kozungulira, kobiriwira, masentimita 2 m'mimba mwake, kumbuyo kuli kachitsa. N'chiyani? Komanso ndichite bwanji kuti ndisamangokumba misomali?

Fukulani: Kachitsako ndi pamene panali kamphete kosokerapo ulusi, ndiye ndi batani. Kubiriwira kukusonyeza mkuwa. Yesani maginito: akakagwira, n'chitsulo wamba. Chinthu chotuwa, cholemera kuposa msinkhu wake, kawirikawiri ndi mtovu.

NaDothi: Chonde musakaviike mu viniga kapena kukapala ndi waya! Zolemba zimatsalira mu chikhungwa chobiriwiracho, mukachichotsa zapita. Dothi liume kaye, kenako litokoseni ndi kamtengo kosongola.

Fukulani: Za misomali: kwezani discrimination (mphamvu ya makina yokanira zitsulo zosafunika) pang'ono chabe, mukapyola muyezo mudumphanso golide wochepa. Chitsulo chadzimbiri chimanamiza makina, makamaka chopindika kapena zidutswa za pulawo. Imani chopingasa, mudutsitsenso koyilo (chimbale cha makina choyendetsa pamwamba pa dothi) pamalo omwewo. Kulira kukaduka, kawirikawiri n'chitsulo wamba. Kukamveka chimodzimodzi mbali zonse, kumbani. Koyilo iziyenda mokhudza pansi, osaikweza kumapeto kwa mzere umene mukuidutsitsa.

NaDothi: Chooneka ngati bomba kapena chipolopolo chosaphulika musachigwire, itanani apolisi.