Ayisi wa pa nyanja ya Runn ku Sweden wachoka kumtunda koma pakati alipo, ndiwolotse bwanji makasitomala?

Yohane wa ku Falun
Anzanga thandizeni msanga mutu wanga waima. Loweruka ndili ndi gulu la anthu 8 ochokera ku Netherlands odzasewera pa ayisi ndi masiketi (nsapato zotsetserekera pa ayisi), analipira kalekale mu Januwale ndipo abwana akuti tour isalephereke zivute zitani. Vuto ndi loti Runn yayamba kale landlös (ayisi kusiyana ndi mtunda), pomwe timakwerera paja pali madzi, pena mamita 5 pena mpaka 15, koma mkati ayisi alipo wambiri, dzulo mmawa ndawoloka ndekha ndi packraft (kaboti kopopa konyamula muchikwama) ndaboola malo atatu ndapeza 30 cm, usiku kukumafika -6 ndiye pamwamba pakumauma see ngati galasi. Tili ndi eka (boti laling'ono lopalasa) imodzi ya aluminiyamu, makanu awiri ndi mapackraft awiri. Chomwe chandivuta ndi potsika muboti kukwera pa ayisi, mmphepete mwake mukungophwanyika ngati bisiketi, ine ndachita kukwawa ndi mimba ndanyowa mpaka mmawondo. Alipo anachitapo zimenezi ndi makasitomala? Chonde musandiuze zoti ndikane, ndakana kale sanandimve.

Mai a Tadala, Mora
Achimwene 30 cm yo ndi ya chani, kärnis (ayisi wakuda wa madzi enieni) kapena stöpis (woyera wa sinowo yonyowa yomwe yauma)? Ndipo munaboola nthawi yanji? Kumapeto kwa Malichi kuno masentimita sanena kanthu. Ayisi wakuda uja amakula ngati timizati toimirira, dzuwa likayamba kulowa limasungunula pakati pa timizatito, kunja akuonekabe wokhuthala koma mkati atasanduka pipig (wongoyoyoka timizati). Chaka chatha pa nyanja ya Orsasjön ndinamenya ispik (ndodo ya nsonga yachitsulo yoyesera ayisi) 8 koloko mmawa inangolira gwa, ndabwerera pamalo omwewo cha mma 1 koloko inalowa yonse kamodzi ndipo chomwe chinatuluka ndi timakandulo tolira ngati magalasi osweka. Wa mu Januwale amakuchenjeza, umamva kulira kukusintha pansi pa masiketi akamachepa. Wa nyengo ino salankhula, amangokusiya.

Che Jafali
Inu ana mukuvutika ndi nkhani yaing'ono. Boti la pansi pa fulati ndi chingwe, basi. Mangani chingwe pamtengo kumtunda, mbali inayo isskruv (masikuluwu olowetsa mu ayisi) ziwiri pa ayisi wolimba mamita 20 kuchokera mmphepete, chingwe chidutse muboti. Anthu awiri okha paulendo, akhale kumbuyo kuti mphuno idzuke, mukoke mwamphamvu boti likwere pa ayisi ngati ng'ona ikuwothera dzuwa. Likaphwanya lisiyeni liphwanye mpaka litapeza polimba. Munthu atsike atagwira boti, masiketi avale atafika kale. Kanu iwalani imagudubuka. Ine ndinakulira mubwato ku Makanjira, boti silinama.

Kondwani, Stockholm
Madala ndi ulemu wonse, kupita sikovuta, aliyense angakuwolotseni 7 koloko mmawa. Nkhani ndi yobwerera. Ayisi akangosiyana ndi mtunda ndiye kuti chimbale chonsecho chikuyandama palibe chachigwira, mphepo ikatembenuka mpata wa mamita 10 uja umakhala 60 kapena umatsekeka kumene nkuphwanya boti lanu pamiyala. Chingwe chanucho chikadzakoka mudzachiona chikuduka kapena isskruv zikuzuka chifukwa chitsulo chimatentha ndi dzuwa nkusungunula bowo lake lomwe. Kumbukani za ku chilumba cha Askö mu 2003, anthu odziwa bwino masewerawa ayisi anawadukira nkuyamba kuyenda nawo mpaka anachita kuwatenga ndi mahelikopita. Inde kuja ndi kunyanja yamchere koma mphepo ndi imodzimodzi. Yohane nthambi ya zanyengo ya SMHI ikuti chani za Loweruka masana?

Yohane wa ku Falun
Ikuti mphepo yochepa mmawa, masana 6 mpaka 7 m/s kuchokera kumwera chakumadzulo, +8 ndi dzuwa. Mai a Tadala pamwamba pali stöpis ya mwina 10 cm pansi pake kärnis, ndinaboola cha mma 7.

Mai a Tadala, Mora
Ndiye mwadziyankha nokha. Pitaninso mawa 12 koloko mukaboole pomwepo mudzatiuze.

Che Jafali
Mphepo ya 7 m/s nayo nkumaitchula? Mwera munauonapo inu? Boti la fulati ndi chingwe. Anthu a ku zilumba za Åland ankanyamula makalata panyanja pakati pa Grisslehamn ku Sweden ndi Eckerö kwawoko kuyambira mma 1600, pa ayisi akukoka boti, pamadzi akupalasa, analibe packraft analibe app.

Kondwani, Stockholm
Ndipo ambiri anathera momwemo madala, pitani ku Eckerö mukaone kumyuziyamu kuja. Komanso iwo aja anali alimi okakamizidwa ndi boma, sanali ma turisti azaka 60 ovala jekete ya njinga.

Chikondi M.
Kkkk a Kondwani mwanena zoona, a ku Netherlands ndimawadziwa ine. Pa masiketi ngakhale agogo amakusiya kutali, koma ayisi wachilengedwe kwawo anasowa, Elfstedentocht (mpikisano wawo waukulu wa masiketi) yomaliza inachitika 1997, ndiye akafika kuno njala yake imakhala yoopsa safuna kumva mawu oti ayi. Ndipo ambiri anazolowera njira yolimidwa ndi thirakitala ngati ku nyanja ya Weissensee ku Austria, isdubbar (timisomali tobaya pa ayisi podzitulutsa mmadzi) amavala ngati mkanda osadziwa kuti amazitulutsa bwanji. Wina chaka china ndinamupeza waziika muchikwama pansi pa masangweji.

Za packraft ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ine. Epulo wina tinapita awiri ndi mnzanga wa kuntchito pa kanyanja kena chakumpoto kwa Uppsala, osati ndi makasitomala, tokha tsiku lopuma. Kuwoloka bhobho, tinauluza mapackraft nkuwapinda muzikwama, tinaseweradi maola awiri ayisi wokoma zedi. Pobwerera mmphepete monse mwafewa mamita ngati 30, ukaponda phazi likulowa. Ndinapopa boti ndili chogwada, ndikulikankha kutsogolo ndili chogona pamwamba pake ngati mwana wophunzira kusambira, ndiye siketi imodzi yomwe ndinamangirira pambali pa chikwama inakhudza chubu. Sindinamve nkuphulika komwe, kungoona boti likufota pansi panga psiii. Packraft zambiri zili ndi chipinda chimodzi cha mpweya anzanga, ikabooka yabooka yonse. Ndinasambira mamita ochepa okha koma manja anakana kutsegula zipi ya chikwama, mnzanga ndi amene anandivula nkundiveka ngati khanda. Mpaka lero chala chaching'ono ichi chimachita dzanzi kukazizira.

Esnart, Umeå
Pepani achemwali. Izi ndi zomwe timaphunzitsa pa kosi ya chitetezo, ija ya 1-10-1 ya Giesbrecht wa ku Canada. Mphindi yoyamba mpweya umakuthawa umangopuma wefuwefu, ukapanda kuugwira umamwa madzi. Kenako uli ndi mphindi ngati 10 zoti manja akugwirabe ntchito. Kukomoka ndi kuzizira kumabwera mochedwa, pafupifupi ola. Koma zonsezi zimathandiza ngati pali pogwira. Pa våris (ayisi wa kumapeto kwa nyengoyu) isdubbar sizigwira, ukabaya zimangokumba phala, ukakwera mmphepete mukuthyoka, ukakweranso mukuthyokanso. Ndipo woponya chingwe nayenso waima pa ayisi yemweyo. Ku Ridön pa nyanja ya Mälaren mu 2006 gulu pafupifupi lonse linalowa mmadzi nthawi imodzi anthu awiri anamwalira, ndipo kunali mu Januwale, sikunali kumapeto ngati kuno. Inu muli nokha ndi anthu 8 kapena pali gaidi wachiwiri?

Yohane wa ku Falun
Pali kamnyamata ka praktik (kophunzira ntchito) kayamba mwezi watha.

Esnart, Umeå
Ndiye muli nokha.

Che Jafali
Nchifukwa chake ndikuti boti. Packraft ndi chibaluni. Boti la aluminiyamu mukhoza kulikoka pa ayisi tsiku lonse likutsatani pambuyo, wina akalowa mumamukankhira boti. Fulati ndi chingwe. Zinazi mukungochulutsa nkhani.

Chikondi M.
Madala eka imeneyo mukuidziwa kulemera kwake? Ndani akoke ali pa masiketi, praktikant? Kkkk anthu alipira kuti akasewere osati kukakoka ngolo.

Che Jafali
Ndiye asapite patali. Azizungulira pafupi ndi boti.

Kondwani, Stockholm
Apo pokha ndikugwirizana nanu. Yohane ngati zakanikadi kukana, ine ndikanachita chonchi ngakhale sindikukulimbikitsa. Pa ayisi 6:30, kumtunda 9:30 osawonjezera ngakhale mphindi, uwauze usiku wake asadzakunyengerere pamenepo. Woloka mbali yomwe mphepo ikukankhira ayisi, osati komwe ikumuchotsa, ndipo pewa pomwe pali mtsinje wolowa kapena wotuluka ndi mmipata ya pakati pa zilumba, madzi oyenda amadya pansi. Munthu mmodzi atsale muboti nthawi yonse ndi foni, asakwere pa ayisi. Aliyense chikwama chokhala ndi grenrem (lamba wodutsa pakati pa miyendo) yomanga bwino ndi zovala zosintha muthumba losalowa madzi, ndipo muboti flytväst (jekete yoyandamitsa), chikwama chokha sichikwanira. Koma kaya, ndikulemba izi mtima ukukana.

Bambo a Wezi
Ine funso langa ndi lina. Inshuwalansi ya kampani yanu imanena za boti? Chifukwa kwathu kuno pepala limati guidad tur på is (kutsogolera anthu pa ayisi), kunyamula anthu olipira paboti ndi nkhani ina. Abwana akulembereni pa imelo kuti ndi iwo alamula, ndipo riskbedömning (pepala lounika zoopsa) asaine okha. Mudzaona mmene mawu amasinthira munthu ukamupatsa cholembera. Ine abwana anga akale ankalimba pafoni, nditati lembani anati tiyeni tiwapititse ku sauna.

Mai a Tadala, Mora
Kapena akwezeni minibasi mubwere chakumtunda kuno, nyanja zingapo za kumapiri zikadagwirana ndi mtunda ngakhale zambiri zili ndi sinowo pamwamba. Yang'anani malipoti pa webusaiti ya osewera masiketi ya Skridskonätet Lachisanu madzulo. Mafuta a maola awiri ndi otchipa kusiyana ndi kuimba 112, nambala ya ngozi. Pa nyanja ya Siljan musayerekeze kufupi ndi Mora kapena Leksand, mtsinje wa Österdalälven watsegula kale.

Che Jafali
Minibasi, imelo, sauna. Munthu wafunsa za boti.

Chikondi M.
A Bambo a Wezi mwandikumbutsa, kodi torrdräkt (masuti osalowa madzi) zija munkagulitsa zakale zija zilipobe? Ndikufuna ya saizi M sizoni ya kayak isanayambe, yanga yang'ambika pakhosi.

Bambo a Wezi
Yatsala L imodzi, raba ya pakhosi ndinasintha chaka chatha. Ya yanuyo osataya, amamata ina, ndikutumizirani nambala ku inbox.

Esnart, Umeå
A Yohane munakaboola masana muja?

Che Jafali
L ndi ya ine imeneyo Bambo a Wezi, musapatse munthu.