Za Naphiri kupita ku boarding

Achimwene Aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Ndikukumbutsaninso kuti kwatsala masabata awiri okha Naphiri apite ku Form 1. Tinagwirizana K40,000 aliyense koma apereka ndi anthu anayi okha mwa anthu 11. Mayina sindilemba lero, koma likafika Lachisanu ndilemba.

Mzime: Yanga ndinatumiza pa Mpamba Lachiwiri achimwene, mwaiona?

Achimwene Aakulu: Ndaiona, uli m'gulu la anayiwo.

Mayi a Naphiri: Zikomo nonse amene mwayambapo. Matiresi ndi ndowa ndagula kale ndi ya mtedza ija. Chatsala ndi fizi ya boarding, trunk, nsapato, yunifolomu yoti atisokere ya manja aatali ndi siketi yofika m'munsi, chipewa chachikulu chija, komanso magalasi ake anathyoka mwendo tinangomanga ndi ulusi.

Azakhali: Ine ndifunse nawo, musandione ngati woipa. Kodi ndalama zonsezi mwaziganizira bwino? Mwana wachialubino amene maso ake ndi ovuta kale, mukamutaye kutali, bwanji osangomulowetsa pa CDSS ya pafupi apa adziyendera, kapena aphunzire kusoka. Ine ndikungonena.

Aphunzitsi: Azakhali pepani, mwanayu sitinamugulire malo ayi, wasankhidwa yekha ndi mayeso a MANEB. Pa sukulu yawo atsikana amene apita ku boarding ndi awiri okha ndipo mmodzi ndi iyeyo. Kusoka kumafunanso maso kuposa buku, mwaiwala ulusi wolowetsa pa singano?

Azakhali: Sindikukana kuti ndi wanzeru. Koma anthu amenewa sachedwa kudwala, tonse tikudziwa. Ine ndikungonena.

Mzime: Anthu amenewa ati azakhali? Ndi mdzukulu wanu ameneyu

Achimwene a ku Joni: Moni abale. Kuno zinthu sizili bwino, abwana achedwetsa malipiro koma Loweruka ndiponya pa Mukuru. Ndiwonjezerapo ya magalasi.

Achimwene Aakulu: Loweruka lake liti achimwene, chifukwa la chiliza lija tikudikirabe

Achimwene a ku Joni: Za chiliza tisaziyambe pano, amene anasunga ndalama akudziwa.

Alamu: Ndalamayo inagula simenti matumba asanu ndipo ali m'nyumba mwa agogo, aliyense akhoza kukawerenga

Mzime: Simenti yake inauma kalekale ndi mvula ya chaka chatha

Mayi a Naphiri: Chonde abale. Nkhani ya chiliza ili ndi tsiku lake. Azakhali ndikuyankheni inuyo, chifukwa mawu amenewa ndawamva kuyambira tsiku limene ndinatuluka naye kuchipatala, ndipo amene anayamba kuwanena mukuwadziwa, ananyamula chikwama mwana asanathe mwezi. Ine ndamulera mwanayu anthu akumuitana napweri, mzungu dala, pa chigayo mayi wina woyembekezera atamuona analavulira malovu m'bulauzi mwake pamaso panga kuti asadzabereke wotere. Ali Standard 3 anzake ankakana kumwera kapu imodzi ya phala ndi iye, ndinachita kumugulira yakeyake yofiira ankaiika m'thumba la mabuku. Pa bolodi samaona, ankakhala pansi kutsogolo penipeni fumbi la choko likumuthira m'mutu, akaweruka n'kubwereka kope la mnzake kukopera mphuno itagunda pepala mpaka mdima. Mwana ameneyo lero wakhoza ndiye ndimuuze kuti ukasoke?

Msuweni wa ku Zomba: Amen achemwali. Ine misozi yatuluka.

Achimwene Aakulu: Amen yo ibwere ndi K40,000 msuweni

Msuweni wa ku Zomba: Mwezi ukatha

Azakhali: Inu mukundimva molakwa. Ine mantha anga ndi achitetezo. Mwaiwala za MacDonald Masambuka, wachialubino wa ku Machinga amene anaphedwa mu 2018? Amene anamangidwa pa mlandu uja munali wansembe, wapolisi, mpaka mchimwene wake weniweni. Ndiye mwana wamkazi akagone kwa anthu osawadziwa?

Aphunzitsi: Apo pokha azakhali mwanena zoona ndipo palibe amene waiwala. Koma taonani zomwe mwanenazo, mchimwene wake weniweni. Zoopsa zambiri zimachokera kwa anthu odziwa pomwe mwana amagona ndi njira imene amadutsa. Pa CDSS mukunenayo adziyenda wapansi kudutsa kudambo kuja m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, dzuwa lonse lija la Okutobala lili pamutu. Ku boarding kuli mpanda, kuli alonda, kuli matroni, kuchoka ku hostel kupita m'kalasi ndi mphindi ziwiri. Ine ngati mphunzitsi ndikuti ku boarding ndiye kwabwino.

Mayi a Naphiri: Zaka zija anthu ankabedwa ndinkamuperekeza ndekha mpaka pakhomo la kalasi, kumunda ndinkapita mochedwa. Pa trading anyamata a kabaza ankakuwa kuti ndalama ikudutsa iyo, mwana n'kumandifunsa kuti amayi ndalama yake ili kuti. Mantha amenewo musandiphunzitse, ndagona nawo.

Alamu: Kodi za feteleza mwamva? Akuti mayina atuluka kwa amfumu, la agogo lilipo?

Mzime: Mulibe, ndinakaona dzulo

Alamu: Chaka chino ndiye tilima bwanji abale

Achimwene a ku Joni: Gulitsani mbuzi imodzi ija yaikulu

Alamu: Mbuzi ija ndi ya chiliza

Achimwene Aakulu: Tabwererani ku nkhani ya mwana. Feteleza tikambirana Lamulungu. Anthu anayi mwa 11. A ku UK mauthenga akuwerenga, ma tick a buluu tikuwaona, koma chiyambire Julayi sanalembepo ngakhale moni.

Mzime: Ndinawaimbira sanayankhe, mwina ali pa shift

Azakhali: Komanso ndifunse, kwathu kuno mtundu umenewu unalipo? Ine chibadwire sindinamvepo. Si za kuchimuna zimenezi? Bwanji iwowo osaperekako?

Aphunzitsi: Azakhali chialubino mwana amatengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, mbali imodzi yokha sizitheka. Makolo onse akhoza kukhala akuda bii koma ali nacho m'magazi mosadziwa, ndipo awiri otere akakumana mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi kuti mwana abadwe wachialubino. Ndiye kuti ifenso tili nacho, mwina ine, mwina inu. Si tsoka, si kuti mayi anachita chigololo, sichipatsirana pogwirana chanza kapena kudyera mbale imodzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi muno, onsewo ndi a kuchimuna?

Mzime: Ndipo mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe kukhala MP, munthu wachialubino woyamba kulowa mu Nyumba ya Malamulo. Akanawauza kuti akasoke bwenzi ali kuti

Azakhali: Ameneyo ndi mwamuna. Ine ndikungonena za mwana wamkazi, anthu ena amakhulupirira zoipa zija zoti akagona naye matenda atha.

Aphunzitsi: Bodza limenelo liliko inde, n'chifukwa chake ndikufuna tikaonane ndi ahedi ndi matroni tsiku lotsegulira lomwelo, tisangomusiya pa geti. Tikapemphe akhale desiki yakutsogolo koma osati moyang'anana ndi windo chifukwa kuwala kumamupweteka, aphunzitsi adzilemba zikuluzikulu ndi kumatchula zomwe akulemba, mayeso amusindikizire a zilembo zazikulu ngati momwe MANEB inachitira ku Standard 8, ntchito za panja monga kutchetcha amupatse za m'mawa kapena za m'kati, ndipo chipewa asamuvule pa assembly. Komanso asatuluke ndi munthu aliyense wonena kuti ndi m'bale wake kupatula amene tawalembetsa. Ndanena izi chifukwa ndaonapo mnzanga wa ntchito akuika mwana wotere kumbuyo kwenikweni ati akusokoneza anzake, mwana uja teremu yachiwiri sanabwerenso.

Mayi a Naphiri: Za kudwala zija azakhali, chimene chimawapha ambiri ndi khansa ya pakhungu yobwera ndi dzuwa, osati kuti anabadwa ofooka. Mafuta oteteza aja timalandira ulere kuchipatala koma nthawi zina umapeza atha, ndiye ndikufuna apite ndi mabotolo awiri osungira. A ku APAM, bungwe la anthu achialubino, anandiuza kuti adzidzola m'mawa ndi masana, makutu ndi kukhosi osaiwala, milomo yomwe. Taonani khungu lake pa chithunzi chija, mulibe bala ngakhale limodzi.

Achimwene a ku Joni: Mafutawo kuno aliko a SPF 50, ndipatsira wa basi wa Lachitatu pamodzi ndi chipewa. Mzime ukalandire ku depoti

Mzime: Ok mundiuze nambala ya dalaivala

Msuweni wa ku UK watuluka m'gululi

Alamu: Eeee

Achimwene Aakulu: Asiyeni. Ndiye tatsala 10, aliyense awonjezere K4,000 kuti ikwane. Lachisanu ndilemba mayina.

Azakhali: Ine K44,000 ndilibe, ndimadalira mandasi. Ndili ndi K15,000 ndi zitenje ziwiri zatsopano, komanso trunk ya malemu amalume anu ili pansi pa bedi, ingofunika loko. Koma basi yake asakwere yekha. Ine ndikungonena.

Mayi a Naphiri: Zikomo azakhali, trunk yo abwera kudzatenga yekha mawa, akuti akufuna mumuone atavala yunifolomu ikatha kusokedwa.

Aphunzitsi: Yekha sakwera, ndipita nawo ine ndi mayi ake, ndapempha kale tsiku kuntchito. Thiransipoti ya anthu atatu achimwene muiike pa bajeti.

Achimwene Aakulu: Ndaika. Azakhali tumizani pa Airtel Money yomwe ija yothera 07. A ku Zomba mwezi ukatha mwana adzakhala atapita kale, pezani pobwereka.

Alamu: Nanga loko agula ndani