Kodi mwambi woti "nkhondo ndi anansi" umatanthauza chiyani kwenikweni?

Nachisale:
Akuluakulu odziwa miyambi, tithandizeni. M'gulu lathu lowerenga mabuku tangomaliza Birdsong, buku la Sebastian Faulks lomwe linatuluka mu 1993, ndipo tagawikana. Ena akuti gawo loyamba, la chibwenzi cha Stephen Wraysford ndi Isabelle, mkazi wa mwini fakitale ya nsalu ku Amiens, ku France, mu 1910, ndi lotaya nthawi, nkhani yeniyeni imayamba asilikali atalowa m'ngalande zobisalamo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu 1916. Ena akuti za nkhondozo ndi matope ndi mitembo yokhayokha, masamba ena amangowadumpha pofuna kumva kumene kwathera Isabelle. Mkangano utakula, mayi wina wachikulire m'gulumo anangoti, "Ana inu, nkhondo ndi anansi." Mbali zonse ziwiri zinaombera m'manja, aliyense poganiza kuti mayiwo ali kumbali yake. Ndiye mwambiwu ukunena za anzako okuthandiza pankhondo kapena za munthu wapafupi amene wakupweteka?

Mwale wa ku Ntchisi:
Bukulo sindinawerenge, achemwali, koma mwambiwo tanthauzo lake ndi limodzi basi. Wokupweteka ndi wapafupi. Mlendo sadziwa malire a munda wa amayi ako, sadziwa kuti malemu anasiya ng'ombe zingati. Kwathu amaunena pa milandu ya minda, ya chuma cha masiye ndi yotchulana ufiti. Ngati Isabelle ameneyo anamusiya mwamuna pamsewu, mayiwo amanena iyeyo.

Chikondi ku Joni:
A Mwale, musafulumire. Tikamati "ufumu ndi anthu" sitikutanthauza kuti anthu ndiwo amawononga ufumu. Tikutanthauza kuti popanda anthu ufumu palibe. Bwanji "nkhondo ndi anansi" isamveke momwemo, kuti nkhondo sumenya wekha? Ine ndili m'gulu la omwe gawo la ku Amiens linawatopetsa. Mnyamata wa zaka 20 wafika panyumba ya eni ake ngati mlendo, akumudyetsa, kenako nkuthawitsa mkazi wa mwini nyumba, ndiye ndimumvere chisoni? Chikondi chimene chinandigwira m'bukumo ndi cha Jack Firebrace, munthu wamba amene nkhondo isanayambe ankakumba njira za sitima zapansi pa London, kenako nkumakumba migodi kunsi kwa ngalande za Ajeremani kuti aikemo mabomba. Mwana wake John akudwala ku England, chilolezo chokamuona amukaniza, mwana nkumwalira iye ali pansi pa nthaka ya France. Chomwe chikumusunga ndi mnzake Shaw amene amagona naye pamodzi. Ndi Jack yemweyo amene anapeza Stephen ataponyedwa pakati pa mitembo akadapuma. Anansi ake ndi amenewo.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwafunsa bwino, mayi Nachisale, ndipo bambo Chikondi mfundo yanu si yachibwana, kungoti yaphonya pa liwu loti nkhondo. Ife lero tikati nkhondo timaganiza za kumenyanako. Makolo ankagwiritsanso liwuli ponena gulu la anthu obwera ndi mikondo. Akakuwa kuti "nkhondo yafika!" ndiye kuti anthu atulukira kuseri kwa phiri, thawani. Mukaumva choncho mwambiwu, ukuyankha funso loti kodi akubwerawo ndani. Ndi anansi ako. Komanso mnansi si woyandikana naye nyumba yekha, ndi mbale, wa mtundu wako, wodya naye. Ankhondo ochokera kutali sakanadziwa phanga lomwe mudzi wabisala popanda wina wodziwa njira kuwatsogolera. Choncho a Mwale akulondola. Ine sindinamvepo wamkulu akuunena poyamikira mnzake. Amaunena mutu uli pansi.

Ndipo nkhondo ya 1914 mpaka 1918 imaukwana mwambiwu mochititsa mantha. Bambo a George V, mfumu ya Britain, ndi mayi a Wilhelm II, mfumu ya Germany, anali mlongo ndi mlongo wake, ana a Mfumukazi Victoria. Kwathu kuno George ndi Wilhelm ndi asuweni enieni, oyenera kumanyogodolana pamaliro. Mayi a George ndi mayi a Nicholas II wa ku Russia anali pachibale, bere limodzi la ku Denmark, ndiye awiriwo tikanangowatchula mkulu ndi mng'ono. Mu 1917 banja lachifumu la ku Britain linachita kusiya dzina lake lachijeremani nkutenga loti Windsor chifukwa cha manyazi a ubale womwewo.

Gondwe:
Aphunzitsi, onjezanipo ya pa nyanja yathu. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi, Gwendolen, inapita ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, nkukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa. Kaputeni Rhoades wa Gwendolen ndi mnzake woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo ankamwera limodzi, ndipo nkhani imati Mjeremaniyo anapalasa bwato kudzafunsa ngati Rhoades waledzera, poti iye anali asanamve kuti nkhondo yayamba. Mwezi wotsatira anamenyana ku Karonga, ndipo amene ankawomberana kwambiri kumeneko anali asilikali akuda a mbali zonse ziwiri, anthu a tsidya lino ndi tsidya lija la Songwe. Agogo athu ankaitcha nkhondo ya chiwaya, mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza, ambiri anaiona atasenza katundu ngati atengatenga.

Nabanda:
Tanthauzo ndalimva ndipo sindikutsutsa. Chimene ndikukana ndi kumuveka mwambiwu Isabelle yekha, ngati kuti mnansi woipa m'bukumo ndi mkazi. Amuna mwawerenga mothamanga. Azaire, mwamuna wake, ankamumenya kuchipinda usiku, ndipo Stephen anamva yekha kulira kwake. Nkhondo ya Isabelle inayamba ndi amene anamukwatira, mfuti isanalire ndi imodzi yomwe. Inde anamuthawa Stephen ali ndi pathupi osamuuza, pambuyo pake nkubwerera kwa Azaire, ndipo zimenezo ndi zopweteka, koma taganizani mkazi wa m'banja lodzisunga mu 1910, wathawa ukwati, wasiya ana awiri opeza amene ankawalera, akukhala ndi mnyamata wamng'ono kwa iye amene satha kulankhula za mumtima mwake. Ine sindikanabwerera kwa Azaire, koma ndikumvetsa mantha ake.

Ndipo amene mukuti gawo loyamba ndi lotaya nthawi, mwaiwala tsiku lija banja linapita kokayenda kumtsinje wa Ancre, anthu akuwedza nsomba, akudya mosatekeseka? Ndi dera lomwelo kumene Stephen akubwerera pa 1 Julaye 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme. Mukadumpha masamba amenewo, mukafika ku Somme mukungoona matope, simukudziwa kuti pamalopo panali minda ndi anthu. Tsiku limenelo lokha asilikali a Britain oposa 19,000 anafa, ndipo onse ofa, ovulala ndi osowa anaposa 57,000. Anawauza kuti mizinga yomwe yakhala ikulira kwa sabata yathunthu yadula waya waminga wa Ajeremani, angonyamuka nkumayenda. Waya m'malo ambiri unali chilili. Bomba lomwe Angerezi anakwirira pansi pa chitunda cha Hawthorn Ridge analiphulitsa 7:20 m'mawa, mphindi khumi asilikali asananyamuke, Ajeremani nkupeza nthawi yotchera ziwaya. Anakonza zimenezi sanali Ajeremani. Anali akuluakulu a asilikali omwewo, olankhula chinenero chimodzi, opemphera tchalitchi chimodzi. Ngati mukufuna mnansi wa m'mwambiwu, yambirani pamenepo.

Chikondi ku Joni:
Pa za akuluakulu a asilikali tikugwirizana, achemwali, ndipo aphunzitsi andigonjetsa pa Chichewa. Koma pa buku sindisuntha. Kumapeto Stephen atatsekeredwa mumgodi, Jack wamufera m'manja, amene akumukumba nkumutulutsa ndi Levi, dokotala wachijeremani, Myuda, yemwe mchimwene wake wafa ndi bomba lomwe Stephen yemweyo waphulitsa. Awiriwo akukumbatirana. Apa mwambi wanu ukulowa pati? Wopulumutsa ndi mdani.

Mphunzitsi Wopuma:
Sukulowa, ndipo suyenera kulowa. Mwambi umanena kumene tsoka limachokera kawirikawiri, sunalonjeze kuti mdani sangakuchitire chifundo. Komabe taonani kuti okumba migodi a mbali ziwirizo ankakhala moyandikana kwambiri moti ankatchera khutu kukhoma kumva mapiki a anzawo. Levi ndi Stephen anali anansi a pansi pa nthaka, kaya akufuna kaya sakufuna.

Nachisale:
Zikomo nonse. Tsopano pali gawo lachitatu limene palibe walitchula, la Elizabeth, mdzukulu wa Stephen, amene mu 1978 akufufuza mabuku amene agogo ake ankalemba m'zilembo zobisika, nkupita ku Thiepval, m'dera la Somme lomwelo, kukaona chipilala cholembedwa mayina oposa 72,000 a asilikali omwe mitembo yawo sinapezeke. M'gulu lathu pafupifupi onse anati gawo limeneli ndi lozizira. Ine ndekha ndinalikonda, chifukwa nanenso ndadutsa pa chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles) ku Zomba kambirimbiri osaima kuwerenga dzina ndi limodzi lomwe.

Nabanda:
Ku Thiepval kokhako ndikuvomera. Koma chibwenzi cha Elizabeth ndi mwamuna wa mwini wake, Robert, chinandikwiyitsa, ngati wolemba akufuna kubwereza nkhani ya Isabelle koma yopanda mchere. Ndipo zoti mwana wake amutche John pokwaniritsa lonjezo la Stephen kwa Jack zinasokedwa mooneka ulusi.

Phiri wa ku Chipata:
Anthu inu mulibe chisoni. Ine ndili pakati pa buku, Jack akadali moyo, ndinangolowa kuti ndimve za mwambi, ndiye mwandiuza kale amene afe, amene apulumuke ndi dzina la mwana. Poti zawonongeka kale, mundiuze ichinso: Jeanne uja, mchemwali wa Isabelle amene wangotulukira ku Amiens, akubwera ndi zabwino kapena nayenso ndi mnansi wa mtundu womwewo?

Nabanda:
Pitirizani kuwerenga, bambo Phiri. Za Jeanne sitikuuzani.