Za Montblanc 149 ija ndinafunsa

Mwezi watha ndinafunsa ngati Montblanc Meisterstück 149, peni yothira inki (fountain pen), singamukulire munthu wa zala zazifupi ngati ine. Ambiri munati ndiyambe ndayigwira kaye ndisanataye ndalama. Ndinakumverani, ndipo mnzanga wina wandibwereka yake kwa milungu iwiri.

Kunenepa ndi yonenepadi, koma siyolemera monga ndinkaopera. Ndikasiya chivindikiro patebulo, imakhazikika bwino m'dzanja. Ndikachisomeka kumbuyo, imatalika n'kuyamba kupendekera.

Chandigwira mtima ndi nsonga yake yagolide, ija yolembedwa 4810, kutalika kwa phiri la Mont Blanc la ku Ulaya m'mamita. Sifuna kudinikiza ayi. Ndinazolowera bolopeni, moti masiku oyamba ndinkakanikiza mpaka inki kulowerera kuseri kwa pepala. Nditafewetsa dzanja, inayamba kungotsetsereka yokha. Pepala la kope wamba limamwa inki n'kuimwaza, choncho pafunika lolimbako.

Inki imakokedwa m'botolo popotokola kumbuyo, ndipo imalowa yambiri ndithu.

Maonekedwe akuda ndi kanyenyezi koyera pamwamba ena amati ndi achikale. Mtunduwu unatuluka mu 1952, ndiye n'zoona, koma ine ndi zomwe zandikopa. Mtengo wokha ndi umene ukundibweza.