Tiwerenge bwanji Baibulo pa Lenti kuti tisathere panjira?

Wofunsa:
Abale ndi alongo mwa Ambuye, Lenti yayandikira. Gulu lathu limakumana kamodzi pa sabata, ndipo tikufuna dongosolo la kuwerenga ndi kupemphera loti aliyense azilitsata kunyumba. Ena akuti timalize Mauthenga Abwino onse anayi, ena akuti Masalimo onse. Titenge chiti? Chinanso, ndikawerengera kuchokera Lachitatu la Phulusa ndikupeza masiku 46, osati 40. Zikukhala bwanji?

Mphunzitsi wa Mawu:
Mwawerengera bwino, mbale. Kuchokera Lachitatu la Phulusa mpaka Loweruka Loyera ndi masiku 46, koma mkatimo muli Malamulungu 6 amene sawerengedwa ngati masiku osala kudya. Mukawachotsa atsala 40.

Za Mauthenga onse anayi, ine sindingakulimbikitseni. Mitu yake ndi 89, ndiye kuti mitu yoposa iwiri tsiku lililonse. Munthu akadumpha masiku atatu ali kale ndi ngongole ya mitu 7, manyazi amugwira, ndipo pofika sabata yachitatu waleka. Choipa china n'chakuti masautso a Ambuye mudzawawerenga kanayi pa nthawi zosiyanasiyana, ena Lenti ikadali koyambirira.

Tengani Luka yekha, ndipo musayambire mutu 1. Yambani pa 9:51, pamene Yesu atsimikiza mtima kupita ku Yerusalemu, n'kukalekeza pa 19:27. Ndime zake ndi 400 ndi pang'ono. Masiku ogwira, kuchokera Lachitatu la Phulusa mpaka Loweruka loti mawa ndi Lamulungu la Kanjedza, osawerengera Malamulungu, ndi 34, choncho zikubwera ndime ngati 12 patsiku. Musadule ndi masamu okha ayi, dulani pamene nkhani yathera: Msamariya wachifundo (10:25-37) tsiku lake, Marita ndi Mariya tsiku lake ngakhale ndi ndime 5 zokha, mwana wolowerera (15:11-32) mumupatse masiku awiri, lachiwiri likhale la mkulu wake uja amene anakana kulowa m'nyumba.

Mukatero Sabata Loyera lizikhalira lokha. Lamulungu la Kanjedza 19:28-48, Lolemba mutu 20, Lachiwiri mutu 21, Lachitatu 22:1-6, Lachinayi mutu 22 wotsalawo, Lachisanu mutu 23 mpaka ndime 49, Loweruka 23:50-56. Mutu 24 musaukhudze mpaka Pasaka.

Mayi wa pemphero:
Dongosolo la aphunzitsiwa ndi labwino, koma ndime 12 munthu amazimaliza m'mphindi ziwiri, n'kutseka buku, osapemphera. Pamafunika mphindi 15 ndi nthawi yosasinthasintha. M'mawa musanagwire foni ndiye bwino, chifukwa usiku tulo timapambana.

Yambani ndi salimo limodzi mwa asanu ndi awiri a kulapa: 6, 32, 38, 51, 102, 130 ndi 143. Alipo okwanira masiku a sabata, ndiye lililonse likhale ndi tsiku lake, ndipo 51 muliike Lachisanu. Chenjerani ndi manambala: mabuku ena akale a mapemphero amatsata kawerengedwe ka Chigriki, ndipo mmenemo salimo 51 ndi 50, 130 ndi 129. Gulu ligwirizane Baibulo limodzi, kupanda apo wina adzawerenga zina.

Kenako werengani ndime za tsikulo mokweza, pang'onopang'ono. Khalani chete mphindi ziwiri. Werenganinso, n'kulemba m'kakope mzere umodzi wokha umene wakugwirani. Pemphero lanu lichokere pa mzerewo. Ngati ndi wa Zakeyu wobweza kanayi zomwe analanda, musathamangire kupempherera odwala ndi a paulendo musanatchule pamaso pa Mulungu amene inu muli naye mangawa. Malizani ndi Atate Athu.

Pokumana gulu, aliyense awerenge mzere umodzi wa m'kakope kake, mphindi ziwiri basi, popanda womuyankha kapena kumukonza. Wotsogolera akalekerera, olankhula awiri amadya ola lonse ndipo msonkhano umasanduka mtsutso wa chiphunzitso.

Katekisiti:
Ndisiyane nanu pang'ono, aphunzitsi. Ngati mpingo wa wofunsayu umatsata mawerengo a zaka zitatu, Luka ndi wa chaka C, chomwe ndi chaka chogawika ndi 3, monga 2025 ndi 2028. Chaka A ndi cha Mateyo, B cha Marko. Sikuti Luka ndi woletsedwa zaka zinazo, koma Lamulungu anthu asiye dongosolo lawo, awerenge zimene zikawerengedwe m'tchalitchi. Ku Katolika Lamulungu loyamba la Lenti nthawi zonse ndi kuyesedwa kwa Yesu m'chipululu, lachiwiri kusandulika kwake paphiri. M'chaka A atatu otsatirawo ndi a Yohane: mayi wa ku Samariya pachitsime (mutu 4), wobadwa wosaona (mutu 9) ndi Lazaro (mutu 11). Amenewa ndi aatali, ndipo wowamva koyamba ataimirira m'tchalitchi amasokera pakati. Muwawerengeretu Loweruka madzulo.

Lachisanu Loyera onjezani Yesaya 52:13 mpaka 53:12 musanatsegule Uthenga Wabwino. Ku Katolika tsikuli timamva masautso olembedwa ndi Yohane, mitu 18 ndi 19, chaka chilichonse.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Nanga wina akatsalira masiku angapo, abwerere pomwe analekezera?

Mphunzitsi wa Mawu:
Ayi, alowe pomwe gulu lili lero. Zotsalazo azitole Lamulungu masana ngati mpata ulipo, koma zisapitirire masiku awiri. Akatekisiti anena zoona pa za Lamulungu, n'chifukwa chake sindinaliike m'masiku 34 aja. Lembani dongosolo lonse pa pepala limodzi, deti ndi ndime zake, aliyense alandire lake Lenti isanayambe. Mukamatumiza ndime tsiku ndi tsiku pafoni, tsiku limene wotumizayo waiwala gulu lonse limaima.