Kodi kutsuka mbale kumayezadi mphamvu imene maselo a malungo amamatirira?

Wophunzira za malungo:
Ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo ntchito ndi maselo ofiira a magazi okhala ndi Plasmodium falciparum, kachilombo koyambitsa malungo. Timadontheza mapuloteni a CD36 ndi ICAM-1, amene maselowa amamatirako mkati mwa mitsempha ya magazi, pa mbale ya pulasitiki, timathirapo maselowo ndi kuwasiya kwa ola limodzi pa madigiri 37, kenako timatsuka, kuwapaka utoto wa Giemsa ndi kuwerenga otsalawo pa maikulosikopu. Vuto n'lakuti ziwerengero zimasintha malinga ndi munthu amene watsuka mbaleyo.

Wa m'labotale:
Njirayo imangokuuzani kuchuluka kwa maselo amene apirira dzanja la wotsukayo, ndipo manja a anthu safanana. Ngati mukufuna mphamvu yeniyeni, pakani puloteniyo mkati mwa kangalande kagalasi kodziwika muyeso wake, ndipo pampu izikankha madzi pa liwiro limene mwasankha. Pamenepo mphamvu yokokolola maselo imawerengeka kuchokera pa liwirolo, kulemera kwa madziwo poyenda, ndi kukula kwa kangalandeko. Ambiri amayambira pa 0.05 Pa (pascal, muyeso wa mphamvuyi) pofuna kutsanzira timitsempha ting'onoting'ono, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka theka la maselo litachoka. Samalani kwambiri ndi kuya kwa kangalandeko, chifukwa kukachepa ndi theka, pampu ikukankhabe madzi ochuluka chimodzimodzi, mphamvuyo imachuluka kanayi. Mudzaonanso chimene mbale yosayenda madzi imabisa: pa ICAM-1 maselo ambiri amagubuduzika, pamene pa CD36 amakonda kuima nji.

Mphunzitsi wopuma:
Sindikutsutsa, koma musanagule pampu yambani mwaona tizilombo tanuto. Tikakhalitsa m'labotale timatha kusiya kupanga timatuza tapakhungu la selo pamene pamakhala puloteni ya PfEMP1 imene imamatiritsa selolo, ndiponso timasintha mtundu wa PfEMP1 umene tikupanga. Kumbukiraninso kuti tizilombo tikadali tating'ono ngati mphete, maselo samamatira. Dontho la BSA yokha (puloteni ya m'magazi a ng'ombe imene maselowa sayenera kumatirako) lisasowe pa mbale iliyonse, kuti mudziwe maselo amene angokakamira pa pulasitiki.

Wa m'labotale:
Zimenezo n'zoona. Ndiwonjezere kuti ngati funso lanu likukhudza malungo a mu ubongo, ganiziraninso za EPCR, puloteni ina ya mkati mwa mitsempha ya magazi, imene ofufuza anaisonyeza mu 2013 kuti ikukhudzidwa ndi malungo oopsa a ana. Makina a AFM (maikulosikopu yogwiritsa ntchito kansonga kakang'ono kwambiri) amatha kukoka selo limodzi ndi kuyeza mphamvu yake, koma ndi okwera mtengo ndipo amayeza maselo ochepa patsiku, choncho ine ndingayambe ndi pampu.