Python: list yanga ikusanduka None ndikaisanja ndi sort(), ndikulakwitsa pati?

Thoko_Ndix

Moni nonse. Ndayamba kumene kuphunzira Python, ndikulembera pa foni mu Pydroid 3. Ndikupanga kapulogalamu kowerengera ndalama za banki m'khonde ya amayi kuno ku Ndirande, gulu la anthu 18. Pali zinthu zitatu zimene zandizunguza mutu.

Choyamba, ndikufuna ndalama zisanjike kuyambira yochepa kukathera yochuluka:

```
zopereka = [5000, 2000, 10000, 0, 0, 3500]
zopereka = zopereka.sort()
print(zopereka)
```

Ikungolemba None basi. Nanga ndalama zapita kuti?

Chachiwiri, ndikufuna kuchotsa maziro a anthu amene sanapereke sabata imeneyo:

```
for ndalama in zopereka:
    if ndalama == 0:
        zopereka.remove(ndalama)
```

Ikuchotsa ziro mmodzi, winayo akutsala, koma error osaoneka.

Chachitatu, ndinalemba `sabata_yatha = zopereka` kuti ndisunge za sabata yatha. Ndikangowonjezera ndalama ina ndi `append()`, ikukalowanso mu sabata_yatha. Vuto ndi Pydroid kapena ndine? Ndithandizeni akuluakulu.

Mussa_Limbe

A Thoko, Pydroid musainamizire, ilibe mlandu. Code yomweyi ngakhale pa laputopu ichita chimodzimodzi. Ine nditenge choyambacho.

List ya Python 3 ili ndi ma method 11, ndiye kuti malamulo amene mumawalemba pambuyo pa dzina la list ndi kadontho: append, extend, insert, remove, pop, clear, index, count, sort, reverse ndi copy. Mwa amenewa, 7 amasintha list yomwe ilipoyo pomwepo, ndipo akamaliza sabweza kanthu. Amenewo ndi append, extend, insert, remove, clear, sort ndi reverse. Method ikapanda kubweza kanthu, chimene mumalandira ndi None.

Tsono taonani mzere wanu wachiwiri. Python imayamba kugwira zimene zili kudzanja lamanja la `=`. Apo `zopereka.sort()` inasanjadi ndalama zanu bwinobwino, zinakhala `[0, 0, 2000, 3500, 5000, 10000]`, kenako inabweza None. Ndiye `=` uja anatenga None n'kumupatsa dzina loti zopereka. List yosanjidwa ija inatsala yopanda dzina, ndipo chinthu chimene palibe chikuchilozera Python imachitaya. Kusanja kunachitika, koma munaitaya nokha list yo.

Mukhoza kukonza mwanjira ziwiri. Ngati mukufuna list yomweyo isinthe:

```
zopereka.sort()
print(zopereka)
```

Ngati mukufuna yoyambayo ikhale mmene inalili:

```
zosanjidwa = sorted(zopereka)
```

`sorted()` si method ya list, ndi function yoima payokha, ndipo imapanga list yatsopano n'kukubwezerani. Pa nkhani ya ndalama za gulu ine ndingasankhe `sorted()`, chifukwa ndondomeko imene anthu anaperekera ndi umboni pawokha. Mukaisokoneza ndi `sort()` simungaibwezeretse.

Mwachita mwayi kuti munaika print pafupi. Nthawi zambiri vutoli limabisala, n'kudzatulukira mizere 30 kumunsi ngati `AttributeError: 'NoneType' object has no attribute 'append'` kapena `TypeError: 'NoneType' object is not iterable`. Mukaona mawu oti NoneType, musalimbane ndi mzere umene error yalozawo. Kwerani m'mwamba mukasake pamene munalemba `x = x.sort()`, `x = x.append(...)` kapena `x = x.reverse()`.

Amene anapanga Python anachita dala kuti `sort()` izibweza None, n'cholinga choti munthu asamaganize kuti wapatsidwa list yachiwiri. Wosiyana ndi anzake ndi `pop()`: amasintha list, komanso amakubwezerani chimene wachotsacho. `index()`, `count()` ndi `copy()` list saikhudza, amangobweza yankho.

MayiKachingwe

A Mussa afotokoza bwino. Ine ndilowe pa chachiwiricho, chifukwa ndicho choopsa kwambiri pa zitatuzi. Sichikuwa, chimangokupatsani yankho lolakwika mwakachetechete.

Loop ya `for` simayang'ana zinthu, imawerenga malo: 0, 1, 2, 3, mpaka kumapeto. Ganizani za benchi ya kuchipatala. Munthu wa pampando wachinayi akadzuka, onse a pambuyo pake amasendera. Ngati woitana akungowerenga mipando, apita pampando wachisanu, ndipo amene wasendera kumene pampando wachinayi uja amudumpha.

Tiyeni tiitsate ndi manambala anu, `[5000, 2000, 10000, 0, 0, 3500]`. Pa malo 0, 1 ndi 2 palibe chochitika. Pa malo 3 pali ziro, `remove()` wamuchotsa. List tsopano ndi `[5000, 2000, 10000, 0, 3500]`, ndipo ziro wachiwiri uja wasendera pa malo 3. Koma loop yathana nawo malo 3, ikupita pa 4, pamene pali 3500. Yatha. Ziro wapulumuka. Maziro aja akanakhala otalikirana code yanu ikanaoneka ngati ikuyenda bwino, mpaka sabata imene anthu awiri otsatizana m'buku alephera kupereka.

Musachotse zinthu mu list pamene `for` ikuyenda mu list yomweyo. Pangani yatsopano yokhala ndi zimene mukufuna kusunga:

```
opereka_okha = [n for n in zopereka if n != 0]
```

Ngati kalembedwe aka simunakazolowere, izi n'zofanana:

```
opereka_okha = []
for n in zopereka:
    if n != 0:
        opereka_okha.append(n)
```

Ena amalemba `while 0 in zopereka: zopereka.remove(0)`. Imagwira ntchito, koma ulendo uliwonse imayambanso kusaka kuchokera koyambirira. Pa anthu 18 simungaone kusiyana, pa zinthu masauzande ambiri mudzaona.

Zina ziwiri za `remove()`. Amachotsa choyamba chokha chimene wakumana nacho, osati zonse zofanana. Ndipo amafuna chinthucho, osati malo ake: `remove(2)` akusaka nambala 2, pamene `pop(2)` akuchotsa chimene chili pa malo 2. Chinthu chikasowa mulandira `ValueError: list.remove(x): x not in list` ndipo pulogalamu iima, choncho yambani mwafunsa ndi `if x in zopereka`.

Komabe ndifunse, maziro amenewa mukuwachotseranji? Mlembi wa gulu amafuna adziwe kuti amene sanapereke ndi angati. `zopereka.count(0)` akupatsani 2 popanda kuchotsa kalikonse, ndipo `sum(zopereka)` maziro samusokoneza.

Yamie_Chilomoni

Chachitatucho n'chachibale ndi choyamba. Ku Python `=` sakopera chinthu, amangochipatsa dzina lina. Mayi mmodzi yemweyo kwawo amamuitana Nabanda, oyandikana naye nyumba amati amake Thoko. Mukapatsa Nabanda chitenje, amake Thoko nawonso alandira, chifukwa ndi munthu mmodzi. `sabata_yatha = zopereka` ndi mayina awiri a list imodzi. Dziyesereni nokha: `print(sabata_yatha is zopereka)` ilemba True.

Kuti mukhale ndi ma list awiri enieni:

```
sabata_yatha = zopereka.copy()
```

`zopereka[:]` ndi `list(zopereka)` zimachita zomwezo. `copy()` ndi `clear()` anabwera mu Python 3.3, n'chifukwa chake m'ma code akale mumaona `[:]` paliponse.

Chenjerani apa. `copy()` amakopera list yakunja yokha. Ngati mkati mwake muli ma list ena, amenewo akadali omwewo:

```
buku = [["Nabanda", 5000], ["Naphiri", 2000]]
lakale = buku.copy()
buku[0][1] = 7000
print(lakale)
```

Mu lakale namonso Nabanda asanduka wa 7000. Pamenepa pafunika `import copy` kenako `lakale = copy.deepcopy(buku)`.

Msampha womwewu ukudikirani tsiku limene mudzafune tebulo la anthu 18 ndi masabata 4. Mukalemba `[[0] * 4] * 18` zimaoneka bwino pa print, koma ndi mzere umodzi wolozeredwa ka 18. Mukalembera munthu woyamba 5000, gulu lonse likhala lapereka 5000. Cholondola ndi `[[0] * 4 for _ in range(18)]`, chimene chimapanga mzere watsopano ulendo uliwonse.

Ndipo popeza mukufuna kuyamba sabata yatsopano: kopani kaye, kenako `zopereka.clear()`. Mukachita `clear()` musanakopere, kapena mutangolemba `=` uja, sabata_yatha nayo ikhala yopanda kanthu.

Thoko_Ndix

Zikomo kwambiri nonse, zitatu zija zatheka. Amayi Kachingwe, maziro ndawasiya, ndikugwiritsa ntchito `count(0)`. Koma kwatuluka zina. Ndalama tsopano ndikulowetsa ndi `input()`, ndipo ndikasanja zikubwera `['10000', '2000', '3500', '5000']`, 10000 patsogolo. Komanso ndinalemba `mayina.extend("Nagama")` ndipo mwalowa zilembo chimodzichimodzi. Mayina ndawaika mu list yawo, ndalama mu list yawonso.

Mussa_Limbe

Tayang'anitsitsani zimene print yakupatsani, a Thoko. Nambala iliyonse ili mkati mwa `' '`. Amenewo si manambala, ndi ma string, kutanthauza mawu. `input()` nthawi zonse imabweza string, ngakhale mutalemba 5000. Ma string amasanjidwa chilembo ndi chilembo ngati mayina mu kaundula: "10000" ikuyamba ndi 1, "2000" ikuyamba ndi 2, ndiye "10000" itsogola. Sinthani nthawi yolowetsa yomweyo:

```
mawu = input("Ndalama: ")
zopereka.append(int(mawu))
```

Koma anthu kuno timalemba K5,000. `int("5,000")` igwa ndi `ValueError: invalid literal for int() with base 10`. Yeretsani kaye:

```
mawu = mawu.strip().upper().replace("K", "").replace(",", "")
```

Onani kuti apa tikulemba `mawu = mawu...` ndipo n'zolondola. String sisinthika pomwepo, ma method ake amabweza yatsopano. Ambiri amatenga chizolowezi chimenechi n'kupita nacho ku list, ndiye mpamene None amabadwira.

Musasakanize mitundu mu list imodzi. Mukakhala 5000 ndi "2000" pamodzi, `sort()` ikana ndi `TypeError: '<' not supported between instances of 'str' and 'int'`.

Za Nagama: `append()` amaika chinthu chimodzi mmene chilili. `extend()` amamasula chimene mwamupatsa n'kuika zamkati mwake chimodzichimodzi, ndipo zamkati mwa string ndi zilembo. Dzina limodzi, `mayina.append("Nagama")`. Mayina angapo, `mayina.extend(["Nagama", "Nachisale"])`. Mukatembenuza n'kupereka list kwa `append()`, list yonseyo ilowa ngati chinthu chimodzi ndipo `len()` ikwera ndi 1 yokha.

MayiKachingwe

Chiganizo chanu chomalizacho ndicho chandidetsa nkhawa, mwanawe. Mayina kwaokha, ndalama kwazokha, kenako n'kusanja ndalama zokha? Ndalama zisuntha, mayina atsala pomwepo, ndipo 10000 ya Nankhoma ilembedwa pa dzina la munthu wina. Python siidandaula ngakhale pang'ono, koma pa tsiku logawana padzakhala mlandu. Dzina ndi ndalama yake ziziyendera limodzi:

```
mamembala = [("Nabanda", 5000), ("Naphiri", 2000),
             ("Nankhoma", 10000), ("Nagama", 5000)]
mamembala.sort(key=lambda m: m[1], reverse=True)
```

`key` akuuza `sort()` choti aziyang'ana, apa ndi `m[1]`, ndalama. `reverse=True` akuyambira yochuluka. Zotuluka: Nankhoma, Nabanda, Nagama, Naphiri. Nabanda ndi Nagama onse apereka 5000, ndipo Nabanda wakhalabe patsogolo chifukwa ndiye anali woyamba mu list. Zimenezi si mwangozi. Python imalonjeza kuti zinthu zofanana sizisinthana malo posanja, ngakhale mutaika `reverse=True`. Njira yosanjirayi anailemba Tim Peters mu 2002, n'chifukwa chake imatchedwa Timsort. Phindu lake ndi ili: sanjani kaye potsata mayina, kenako potsata ndalama, ndipo onse opereka mofanana atuluka motsata afabeti.

`reverse()` payekha ndi nkhani ina. Sasanja, amangotembenuza list kuti chomaliza chikhale choyamba.

Posanja mayina ikani `key=str.lower`, kapena `key=lambda m: m[0].lower()` pa list ili pamwambayi. Kupanda kutero zilembo zazikulu zonse zimatsogola, ndipo "Zomba" abwera patsogolo pa "bangwe".

Yamie_Chilomoni

Ngati mudzaikemonso mzere wa odikira ngongole, wolowa aziikidwa ndi `append()`, wolandira azichotsedwa ndi `wotsatira = mzere.pop(0)`. Kungoti `pop(0)` ndi `insert(0, x)` zimasuntha zinthu zonse za mu list ndi malo amodzi, choncho pa mzere weniweni ndi bwino deque, chofanana ndi list koma chochotsa choyambirira popanda kusuntha zinazo: `from collections import deque` ndi `popleft()`.

Mussa_Limbe

Zoona achimwene, koma pa anthu 18 deque ndi katundu wongomulemetsa munthu amene akuyamba kumene. `pop(0)` ikwanira. Choti asamale n'chakuti mzere ukatha `pop()` imagwa ndi `IndexError: pop from empty list`, ndiye ayambe ndi `if mzere:` asanachotse. Komanso `insert(-1, x)` saika chinthu kumapeto, amachiika patsogolo pa chomalizacho. Wa kumapeto ndi `append()`.

A Thoko, mukakayika ngati method ikubweza kanthu, simukufunika bandulo. Tsegulani interpreter mu Pydroid momwemo mulembe `help(list.sort)`, kapena yesani pa kalist kakang'ono: `print([3, 1, 2].sort())`. Ikalemba None, mzere umenewo usakhale ndi `=` kutsogolo kwake.